Mphumu ikabwera ndi dzanzi: asilikali a m'magazi akatembenukira mwini wake

Amayi, ambiri a inu munapimitsako magazi, kaya ku Kamuzu Central, ku Bwaila, ku Likuni kapena ku kiliniki yolipira ya ku Area 3 kapena ku City Centre. Zotsatira zikabwera, maso amathamangira pa mzere umodzi wokha, wosonyeza ngati magazi ndi okwanira kapena achepa. Mizere ina yonse timaisiyira adokotala. Koma chakumunsi kwa pepalalo kumakhala mzere wina wolembedwa kuti EOS. Zilembo zitatuzi zikuimira gulu la asilikali a m'magazi otchedwa ma-eosinophil. Ndi ochepa kwambiri, ndipo ntchito yawo ndi yotiteteza. Koma akachuluka mopitirira muyeso n'kulowa pamene sayenera kulowa, amatha kuwononga mitsempha ya magazi, minyewa, mapapo ndi mtima wa mwini wake yemwe.

Nkhaniyi ikukukhudzani chifukwa ndinu amene mumayendera odwala m'miphakati, ndinu amene mumakhala magadiyani m'mawodi, ndiponso ndinu amene mumasunga mabuku a kuchipatala a banja lonse. Nthenda imene tikambirane pano siionekera tsiku limodzi. Chizindikiro china chimabwera chaka chino, china patapita zaka zitatu, ndipo wodwala amaonana ndi madokotala osiyanasiyana, aliyense n'kuona mbali yake yokha. Nthawi zambiri amene angathe kulumikiza zonsezo ndi mayi amene wakhala pafupi ndi wodwalayo kuyambira pachiyambi.

Asilikali amenewa ndani?

M'magazi muli maselo ofiira, onyamula mpweya, ndi maselo oyera, amene timawatchula kuti asilikali a m'thupi. Asilikaliwa ali m'magulumagulu. Ena amalimbana ndi mabakiteriya, ena ndi mavairasi. A CD4 amene timawamva kawirikawiri pa nkhani ya HIV ndi gulu limodzi chabe. Ma-eosinophil ndi kagulu kakang'ono ndithu: pa asilikali 100 aliwonse a munthu amene ali bwinobwino, iwo sapitirira 5 kapena 6.

Amene anawafotokoza bwino koyamba ndi dokotala wa ku Germany, Paul Ehrlich, m'chaka cha 1879. Iye ankathira utoto pa magazi kuti aziwaona bwino pa makina okuza tinthu ting'onoting'ono, ndipo anaona kuti maselo ena ali ndi timibulu m'kati mwawo timene timamwa utoto wofiirira wotchedwa eosin. Dzina lawo linachokera pamenepo, ndipo limangotanthauza kuti okonda eosin.

Amapangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa. Akatuluka amayenda m'magazi maola owerengeka, kenako amakakhala m'minofu, makamaka m'makoma a matumbo, kwa masiku angapo. Thupi likawafuna ambiri limatumiza uthenga kudzera m'mankhwala ake achilengedwe otchedwa interleukin-5. Uthengawu ukamveka, mafupa amawonjezera kupanga, ndipo amene alipo kale amakhala moyo nthawi yaitali kuposa masiku onse.

Mdani wawo wamkulu ndi njoka za m'mimba ndi tizirombo tina totere. Kachirombo kakang'ono msilikali amangokameza, koma nyongolotsi imamukulira, sangaimeze. Choncho ma-eosinophil amaiunjirira, kumamatira pa khungu lake, n'kukhuthulirapo zimene zili m'timibulu tija. M'menemo muli mitundu inayi ikuluikulu ya poizoni. Wina amaboola khungu la nyongolotsiyo. Wina amapanga madzi owaula, ofanana ndi jiki amene timachapira zovala zoyera. Wina, atamuyesa pa nyama, anapezeka kuti amawononga minyewa.

Vuto lake ndi lakuti poizoniyu sasankha. Zili ngati anyamata akamatentha tchire m'chilimwe posaka mbewa. Moto ukangothera m'munda wokololedwa kale, zinthu zimayenda. Koma mphepo ikautembenuza umakanyeketsa nkhokwe ya kwawo komwe.

Akachuluka, chimakhala chavuta n'chiyani?

Munthu amene ali bwino amakhala ndi ma-eosinophil osapitirira 500 m'kadontho kamagazi kotchedwa microlitre. Pa mapepala ambiri nambalayi imalembedwa kuti 0.5. Akapitirira 1,500, kapena kuti 1.5, n'kukhala choncho nthawi yaitali, ziwalo zimatha kuyamba kuwonongeka, kaya chawachulukitsa n'chiyani.

Kuno kwathu choyamba kuchiganizira ndi njoka za m'mimba ndi likodzo. Musaganize kuti likodzo ndi la kumudzi kokha. Mabanja ambiri a ku Area 10, 12, 43 ndi 47 amapita kunyanja ku Salima kapena ku Mangochi pa Khirisimasi ndi pa Pasaka, ana n'kusambira tsiku lonse, chonsecho tizirombo ta likodzo tili m'madzi a malo ambiri m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, m'madambo ndi m'mitsinje yoyenda pang'onopang'ono. Munthu amene walowa m'madzi otere koyamba amatha kutentha thupi, kutsokomola ndi kutuluka ziwengo patapita masabata angapo, ma-eosinophil atakwera kwambiri. Mankhwala ake alipo: praziquantel wa likodzo ndi albendazole wa njoka za m'mimba, omwe aja amapatsa ana m'masukulu.

Chachiwiri ndi mphumu, chimfine cha ziwengo ndi zotupa za pakhungu zoyabwa. Izi zimawakweza pang'ono, ndipo sikawirikawiri kufika pa 1,500. Chachitatu ndi mankhwala amene amuwenga munthu. Pamapeto penipeni m'pamene pali nthenda zosowa, monga mitundu ina ya khansa ya m'magazi ndi kutupa kwa mitsempha kumene tikufuna kukamba.

Choncho mukaona EOS yakwera musathamangire kuchita mantha. Funsani adokotala chimene chaikweza, ndipo mukamaliza mankhwala mukapimitsenso kuti muone ngati yatsika. Safunsa anadya phula.

Moto ukalowa m'mitsempha

Madzi amene timamwa mumzinda muno amachokera mumtsinje wa Lilongwe. Akayeretsedwa amayamba ulendo m'mapaipi akuluakulu, n'kumalowa m'ang'onoang'ono, mpaka kapaipi kolowera m'khitchini mwanu. Kapaipi kameneko kakatsekeka, anansi anu amatunga bwinobwino koma inu mpopi uli gwa. Magazi nawonso amayenda chimodzimodzi. Akachoka mumtima amadutsa m'mitsempha ikuluikulu, kenako m'timitsempha topyapyala ngati tsitsi, timene timadyetsa khungu, minyewa, impso, matumbo ndi mtima womwe.

Kutupa kwa mitsempha ya magazi, kumene madokotala amati vasculitis, kumachitika asilikali a m'thupi akalowa m'makoma a timitsempha timeneti. Ma-eosinophil akakhuthulira poizoni wawo m'menemo, kansalu kosalala ka m'kati mwa mtsempha kamasupuka, khoma n'kutupa, njira ya magazi n'kuchepa. Pamalo posupukapo magazi amaundana, chifukwa poizoni yemweyo amafooketsa zimene zimaletsa magazi kuundana. Kamtsemphako kakatsekeka, mbali ya thupi imene imadalira iko imasowa mpweya ndi chakudya, n'kuyamba kufa. Penanso khoma limafooka mpaka kuchucha, magazi n'kutayikira m'minofu. Moto ukazima pamatsala chipsera cholimba, ndipo chipsera sichigwira ntchito imene mnofu wabwino unkagwira.

Ma-eosinophil amathanso kudutsa khoma la mtsempha n'kukadzaza m'chiwalo chenicheni, monga m'mapapo kapena mumnofu wa mtima, n'kupanga timibulu totupa m'menemo. Ndiye kuti chiwalo chimavulala pawiri: chikusowa magazi, kwinaku chikuwauka ndi poizoni.

Nthenda ya Churg ndi Strauss

M'chaka cha 1951 madokotala awiri a pachipatala cha Mount Sinai ku New York, bambo Jacob Churg ndi mayi Lotte Strauss, anafotokoza za odwala 13. Onsewa anali ndi mphumu yovuta, kutentha thupi, ma-eosinophil ochuluka ndi mitsempha yowonongeka m'ziwalo zosiyanasiyana. Poona kuti nthendayo imagwira anthu a mphumu ndi ziwengo, anaitcha kutupa kwa mitsempha kochokera ku ziwengo. Kwa zaka zambiri inkadziwika ndi mayina a awiriwa. Kuyambira 2012 madokotala amailemba mwachidule kuti EGPA.

Ndi nthenda yosowa kwambiri. M'mayiko a ku Ulaya kumene anawerengera, pa anthu miliyoni imodzi amene amayamba kuidwala pa chaka ndi owerengeka pa zala za dzanja limodzi. Pafupifupi onse amene mukuwadziwa kuti ali ndi mphumu sadzaidwala. Siipatsirana, ndipo imagwira amayi ndi abambo omwe, makamaka a zaka za pakati pa 30 ndi 60. Tikuikamba chifukwa ikachedwa kudziwika imalumaza kapena kupha, pomwe ikadziwika msanga mankhwala ake oyambira amapezeka m'zipatala zathu zomwezi.

Kawirikawiri imayenda m'magawo atatu, ngakhale si onse amene amatsata ndondomeko yomweyi.

Gawo loyamba ndi la mphumu. Oposa 9 mwa odwala 10 aliwonse amakhala nayo, ndipo chodabwitsa n'chakuti imayamba munthu ali wamkulu kale, amene ali mwana sankabanika. Imabwera ndi mphuno yotsekeka chaka chonse, tinyama tomera m'mphuno, ndi kusamva fungo, mwina mpaka ndiwo kupserera pamoto mwini ali pomwepo. Wodwala amanamizira fumbi la mu Okutobala, utsi wa makala kapena chisanu cha mu Juni. N'zoona kuti zimenezi zimadzutsa mphumu, koma iyi imakulirakulira, moti inhaler yokha siikwanira ndipo munthu amangokhalira kupatsidwa mapiritsi a prednisolone. Gawo limeneli limatha kutenga zaka zingapo, mwina mpaka 10.

Gawo lachiwiri ndi pamene ma-eosinophil achuluka kwambiri n'kulowa m'mapapo ndi m'matumbo. Munthu amatsokomola, kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku ndi kuonda. Ena amamva m'mimba kupota kapena kutsegula. Mukuona nokha kuti zimenezi zikufanana ndi chifuwa chachikulu, ndipo kuno kwathu n'koyenera ndithu kuyamba kupima TB. Koma ngati makhololo apimidwa kangapo osapezeka kanthu, ngati madontho a pa X-ray akusunthasuntha, lero mbali iyi mwezi wamawa mbali inayo, kapena ngati mankhwala a TB sakusintha kanthu, mzere wa EOS uja uyenera kuyang'anidwa.

Gawo lachitatu ndi la mitsempha, ndipo limatha kubwera mofulumira, m'masiku kapena masabata ochepa. Kwa ena limayamba pamene mphumu ikuoneka ngati yayamba kupepuka, kapena atangochepetsa prednisolone.

Minyewa ndi imene imakonda kuyamba kudandaula. Timitsempha todyetsa mnyewa tikatsekeka, munthu amamva kuwawa kowotcha kapena kobaya ngati singano, kenako dzanzi, kenako kufooka. Phazi limodzi limalendewera, zala zikukhwekhwereza pansi, silipasi kuvuka mwini osadziwa. Patapita masiku, dzanja la mbali inayo limakanika kugwira kapu, kumanga chitenje kapena kutsekula mpopi. Dzanzi la matenda a shuga ndi losiyana: limabwera pang'onopang'ono kwa zaka, mapazi onse awiri mofanana. Sitiroko nayo imagwira mbali imodzi ya thupi nthawi imodzi, mwina pakamwa n'kupotoka. Dzanzi la nthenda iyi limadumphadumpha, ndipo kudumpha kumeneku n'kumene kumachititsa abale kunena kuti munthu waponda mankhwala kapena amutchera. Masabata amene amathera kofufuza amene wamulodza ndi omwewo amene minyewa ikufa.

Pakhungu pamatuluka timadontho, makamaka m'miyendo kumunsi kwa mawondo. Mabuku ambiri amati ndi tofiira, koma pa khungu lakuda timaoneka todera kwambiri, ndipo timamveka bwino ndi chala kuposa kuoneka ndi maso chifukwa timakhala totukuka pang'ono. Mukatidina ndi tambula yagalasi sitizimirira, popeza ndi magazi amene atayikira kunja kwa mtsempha. Ena amatuluka timibulu tolimba m'zigongono kapena m'mutu, kapenanso zilonda zosapola.

Impso zimavulala mwakachetechete. Nthawi zina mkodzo umaoneka ngati tiyi wopanda mkaka, koma kawirikawiri ndi ku labu kokha kumene amaona kuti muli magazi.

Mtima ndiye woopsa kwambiri

Pa odwala nthendayi amene amamwalira, ambiri amapita chifukwa cha mtima. Ma-eosinophil amawononga mtima m'njira yodziwika bwino. Poyamba mnofu wa mtima umatupa, mwina popanda chizindikiro chilichonse. Kenako pa khoma la m'kati losupukalo pamamatira magazi oundana, amene akanyotsoka amatha kukatseka mtsempha wa muubongo. Pomaliza pamatsala chipsera chokhuthala, mtima n'kuuma ngati chikumba, moti sutha kufutukuka kuti ulandire magazi okwanira. Dokotala wa ku Switzerland, Wilhelm Löffler, anafotokoza za mtima wowonongeka motere m'chaka cha 1936.

Nkhani ya mtima wouma ndi zipsera si yachilendo kuno ku Africa. M'chaka cha 1948 dokotala wina, Jack Davies, anafotokoza za nthenda yotere ku Uganda, ikugwira ana ndi achinyamata a m'mabanja osauka. Kwa anansi athu a ku Mozambique, mayi Ana Olga Mocumbi, dokotala wa mtima, pamodzi ndi anzake anaunika mitima ya anthu 1,063 m'boma la Inharrime, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2008 zinasonyeza kuti pafupifupi mmodzi mwa asanu aliwonse anali ndi zizindikiro zake, ambiri osadziwa. Nthenda imeneyi si EGPA, koma zipsera zake n'zofanana ndi zimene Löffler anaona, ndipo madokotala ambiri amaganiza kuti ma-eosinophil ochulukitsidwa ndi njoka za m'mimba ali m'gulu la zoyambitsa. N'chifukwa chake kumwetsa ana mankhwala a njoka ndi a likodzo si nkhani yopepuka.

Wodwala mphumu akayamba kutupa mapazi, kubanika akagona chagada, kumva kuwawa pachifuwa kapena mtima kugunda mosalongosoka, musangoti ndi mphumu yomwe ija. Apimidwe mtima.

Mankhwala akamuwenga munthu

Pali vuto lina limene mungakumane nalo kawirikawiri kuposa EGPA. Mankhwala abwinobwino, amene athandiza anthu ambirimbiri, amatha kumuwenga munthu mmodzi. Kwa ena timadontho tosazimirira tija timatuluka m'miyendo patapita sabata imodzi kapena masiku 10 chiyambire mankhwala monga amoxicillin, Bactrim kapena brufen. Kwa ena zimakula kuposa apo. Pakati pa sabata yachiwiri ndi yachisanu ndi chitatu thupi limatentha, zidzolo zimadzaza thupi lonse, nkhope imatupa, anabere amatuluka, ma-eosinophil amakwera, ndipo chiwindi, impso kapena mtima zimatupa. Maso akayamba chikasu ndiye kuti chiwindi chakhudzidwa. Amene amadziwika ndi vuto limeneli ndi Bactrim, mankhwala a TB, mankhwala a khunyu monga carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone, allopurinol wa nyamakazi ya gauti, ndi nevirapine.

Ambiri mukukumbukira kuti ma ARV aulere atayamba mu 2004, nevirapine anali m'gulu la mankhwala oyambira, ndipo ena ankatuluka zidzolo zoopsa. Kafukufuku amene anachitikira ku Queen Elizabeth ku Blantyre, n'kufalitsidwa mu 2013, anapeza kuti anthu obadwa ndi chizindikiro china chotengera kwa makolo ndi amene nevirapine amawawenga moopsa kuposa anzawo. Sikuti analakwitsa kamwedwe, ndi mmene thupi lawo linapangidwira. Kuyambira 2019 Amalawi ambiri anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir.

Mukaona zizindikiro zimenezi pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mutatenga mankhwala onse amene wodwala akumwa, a zitsamba omwe. Kupitiriza kumwa mankhwala amene akumuwenga n'koopsa, komanso kungosiya ma ARV kapena mankhwala a TB n'kukhala kunyumba n'koopsa. Adokotala ndi amene anene oti asiyidwe ndi oti alowe m'malo mwake. Dzina la mankhwala omuwengawo lilembedwe ndi zilembo zikuluzikulu pachikuto cha buku lake la kuchipatala.

Kuchipatala amachita chiyani?

Mungayambire pa chipatala chapafupi, monga cha ku Area 18, Bwaila, Likuni kapena St Gabriel ku Namitete. Akaona kuti nkhaniyo ndi yaikulu amalemba kalata yotumizira ku Kamuzu Central, chipatala chachikulu cha chigawo chapakati.

Amayamba ndi kuwerenga maselo a m'magazi. Makina ena ang'onoang'ono amagawa asilikali m'magulu atatu okha, ma-eosinophil n'kusakanikirana ndi anzawo, choncho ngati papepala palibe EOS funsani ngati angawerengedwe paokha. Dziwaninso kuti prednisolone amawatsitsa mofulumira, m'tsiku limodzi kapena awiri. Munthu amene wamwa mapiritsiwa asanapimidwe amatha kuoneka ngati alibe vuto. Auzeni adokotala tsiku limene wodwala anamwa komaliza, ngakhale atakhala kuti anangogula yekha.

Amapimanso chimbudzi ndi mkodzo pofufuza njoka, likodzo ndi vuto la impso, makhololo pofufuza TB, komanso HIV ndi shuga. Amajambula chifuwa ndi kuunika mtima. Nthawi zina amadula kachidutswa ka khungu pamalo pa timadontho kuti akakaone pa makina okuza, ndipo ku Kamuzu Central kuli labu yopima minofu imene inatsegulidwa mu 2011. Palinso kupima kwina kwa magazi kotchedwa ANCA, koma kumasonyeza chizindikiro mwa odwala atatu kapena anayi okha pa 10 aliwonse. Amene ali nacho amakonda kuvulala impso ndi minyewa, pomwe amene alibe amakonda kuvulala mtima. Choncho ANCA ikapanda kuoneka sindiye kuti nthenda palibe.

Mankhwala oyambira ndi prednisolone, wambiri poyamba, kenako kumachepetsa pang'onopang'ono kwa miyezi. Ngati mtima, impso kapena minyewa zakhudzidwa kwambiri, amawonjezera mankhwala amphamvu ochepetsa ukali wa asilikali a m'thupi, monga cyclophosphamide kapena rituximab. Mu 2017 dziko la America linavomereza jakisoni wotchedwa mepolizumab, amene amatseka uthenga wa interleukin-5 uja kuti mafupa asapange ma-eosinophil ambiri, koma ndi wokwera mtengo kwambiri. Ndi chithandizo cha masiku ano odwala ambiri amakhala zaka zambiri, ngakhale mphumu imapitirira ndipo nthendayo imatha kubwerera. Minyewa imachira mochedwa, pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, choncho mafizo ndi kuleza mtima n'zofunika.

Prednisolone ndi wothandiza koma si wosewera naye. Amakweza shuga ndi BP, amafooketsa mafupa, ndipo amatha kudzutsa TB imene inagona. Pali mtundu wina wa njoka, wotchedwa Strongyloides, umene umatha kukhala m'thupi zaka zambirimbiri osadziwika. Chitetezo chikatsitsidwa ndi prednisolone, njokazi zimaswana n'kufalikira mpaka m'mapapo ndi m'magazi, ndipo zimapha. N'chifukwa chake madokotala amafuna kuthana ndi njoka kaye, kawirikawiri ndi ivermectin, asanayambe mankhwala ambiri otere. Munthu amene wamwa prednisolone masabata angapo asasiye mwadzidzidzi, chifukwa thupi limakhala litaleka kupanga lokha mankhwala ofanana naye, ndipo akhoza kukomoka. Mayi woyembekezera, kapena amene akufuna kutenga pakati, anene poyera, popeza cyclophosphamide amavulaza mwana wosabadwa.

Mbali yanu monga amayi

Choyamba, sungani mabuku onse a kuchipatala, odzaza omwe, pamodzi ndi mapepala a zotsatira ndi zithunzi za X-ray. Mumzinda muno n'kosavuta kuti munthu wa masikimu apite ku kiliniki ina chifukwa cha mphuno, kwina chifukwa cha chifuwa, kwinanso chifukwa cha mwendo, ndipo mbiri yake n'kumwazikana. Pepala la magazi la zaka ziwiri zapitazo likhoza kukhala ndi yankho.

Chachiwiri, mukaperekeza wodwala fotokozani nkhani yonse mwa ndondomeko: chaka chimene mphumu inayamba, nthawi imene analeka kumva fungo, kangati wamwa prednisolone chaka chino, tsiku limene dzanzi linayamba ndi mbali yake. Lembani papepala musanachoke kunyumba, chifukwa pamzere pamakhala anthu ambiri ndipo nthawi ya adokotala ndi yochepa.

Chachitatu, limbikitsani a mphumu kugwiritsa ntchito inhaler monga anauzidwira. Sikuti imazoloweretsa kapena kuti ndi ya munthu amene watsala pang'ono kufa. Yabuluu, ya salbutamol, imatsegula chifuwa pa nthawi ya befu. Ya beclomethasone, imene kawirikawiri imakhala yabulauni, ndi yopopera tsiku ndi tsiku poletsa kutupa. Kugawana mapiritsi a prednisolone kapena kumangogula popanda kalata ya adokotala kumabisa nthenda uku ikukula.

Chachinayi, musaiwale amene amakugwirirani ntchito pakhomo. Mtsikana wa m'nyumba, mlonda kapena wa m'dimba akamatsokomola usiku kapena akayamba kukoka phazi, kawirikawiri amabisa poopa kuchotsedwa ntchito. Mupatseni tsiku ndi ndalama yoyendera kuti akapimidwe.

Chachisanu, dziwani zimene siziyembekeza mawa. Munthu wa mphumu akayamba dzanzi kapena kufooka phazi kapena dzanja mwadzidzidzi, akatuluka timadontho tosazimirira, akatupa mapazi, akamva kuwawa pachifuwa, akamva m'mimba kupota koopsa, kapena akatsokomola kapena kukodza magazi, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mnyewa umene wasowa magazi masiku ochepa ukhoza kuchira, koma umene wasowa miyezi sumabwereranso mwakale.

Pa msonkhano wanu wotsatira funsanani ngati mumphakati mwanu muli wina amene anayamba mphumu ali wamkulu ndipo ikumuvuta chaka ndi chaka. Ngati alipo, mmodzi wa inu akamuchezere, aone naye limodzi mapepala ake a magazi, ndipo ngati mzere wa EOS ndi wokwera kapena palibepo, amuperekeze kukafunsa adokotala.